Pansy, duwa la nyengo yozizira: kuchokera pa njere mpaka pa njere

Chaka choyamba chomwe ndinadzala pansy ndinalakwitsa chinthu chimodzi chokha, koma chinandilanda maluwa onse. Ndinawaona mwezi wa Julayi pakhonde la mnzanga ku Zomba, atadzaza m'miphika, achikasu, oyera, apepo, ena okhala ndi banga lakuda pakati ngati kankhope ka mwana. Ndinathamangira kukagula njere n'kufesa sabata yomweyo. Zinamera bwino ndithu. Koma pamene zimati ziyambe kumasula, Okutobala anali atafika ndi dzuwa lake. Mbande zinangotalika ngati udzu wapamthunzi, zinatulutsa timaluwa towerengeka, kenaka n'kufota.

Cholakwa changa chinali nthawi. Pansy ndi duwa la kozizira. Amene akufuna kuliona litadzaza bedi mu Juni ndi Julayi ayenera kugwira ntchito mu Malichi ndi Epulo, pomwe anzake sanayambe n'komwe kuganiza za juzi. Zina zonse zomwe ndifotokoze pano zatsamira pa mfundo imeneyi.

Kwawo kwa duwali ndi ku Ulaya. Kholo lake lalikulu ndi kaduwa kakutchire kotchedwa Viola tricolor, komera kokha m'minda ya kumeneko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, osamalira minda ku England anayamba kukasakaniza ndi abale ake ena. Mmodzi wa iwo anali William Thompson, amene ankasamala munda wa Lord Gambier ku Iver, ndipo m'zaka za m'ma 1830 kunayamba kuoneka maluwa okhala ndi banga lakuda lija lomwe lero tonse timazindikirira nalo pansy. Dzina lenilenilo linachokera ku mawu a Chifalansa akuti pensée, kutanthauza ganizo. Kwa ife limamveka ngati "pansi", ndipo sizikutalikirana kwenikweni, pakuti chomerachi kawirikawiri sichitalika kupitirira masentimita 20. Akatswiri a zomera amachitcha Viola × wittrockiana pokumbukira Veit Wittrock wa ku Sweden, amene anafufuza mbiri yake.

Ndanena za kwawoko kuti mumvetse chifukwa chake duwali limasangalala masana akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 20, usiku n'kumazizira koposa apo. Chisanu chochepa sichilipha. Limangogona m'mawa, dzuwa likatuluka n'kudzukanso. Chimene chimalipha ndi kutentha. Kotero ku Dedza, Ntcheu, Zomba, Thyolo, Mulanje, Blantyre, Mzuzu ngakhalenso Lilongwe, miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yake. Ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja nyengo yake imafupika kwambiri, ndipo ndinganene mosabisa kuti kumeneko ndalama zanu zingapindule bwino pa maluwa ena. Amene muli ku Johannesburg kapena Harare, kalendala yanu ndi yofanana ndi yathu, ndipo m'manazale akumeneko mbande zimadzaza mu Epulo ndi Meyi. Amene muli ku Britain, tembenuzani miyezi: wokerani mu Seputembala kapena Okutobala, maluwa ochuluka mudzawaona mu Malichi mpaka Meyi.

Kufesa

Werengani chobwerera. Kuchokera tsiku lofesa mpaka duwa loyamba pamapita masabata 10 mpaka 12. Mukafesa pa 1 Epulo, mudzawokera pakati pa Meyi, ndipo maluwa adzayamba pakati pa Juni. Choncho nthawi yabwino yofesa ndi kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumapeto kwa Epulo. Mukafika mu Meyi musanafese, ndi bwino kungogula mbande.

Musafese pabedi mwachindunji. Mu Malichi mvula imakhala isanathe, ndipo dontho limodzi lalikulu limakwanira kukumba njere yaing'ono ngati ya mpiru. Pezani beseni lakale kapena chigubu chodula pakati, chakuya masentimita 8 kapena 10, muboole pansi pake mabowo ambiri. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba lakuda, gawo limodzi la kompositi yowolerana bwino, ndi gawo limodzi la mchenga wakumtsinje. Sefani kuti pasakhale zibuma. Kenaka thirani madzi owira padothilo ndipo mulisiye lizizire mpaka mawa lake. Alimi a fodya amawotcha mapesi panazale asanafese pa chifukwa chomwechi: m'dothi mumakhala matenda amene amagwira mbande patsinde, n'kuigwetsa usiku umodzi ngati yadulidwa ndi lumo. Madzi owira amachepetsa matendawa pamodzi ndi njere za udzu.

Ikani njere imodziimodzi, motalikirana masentimita awiri, ndipo muwaze dothi losefa pamwamba pake, mamilimita atatu basi. Apa pali chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa: njere za pansy zimamera mumdima. Vindikirani besenilo ndi thumba, katoni kapena nyuzipepala yokhuthala, kuti kuwala kusalowe. Liikeni pamalo ozizira kwambiri panyumba panu, kaya pasimenti m'chipinda chomwe sichilowa dzuwa, kaya pakona ya khonde. Njerezi zimamera bwino pa madigiri 18 mpaka 20. Kukatentha kupitirira 25 zambiri zimangogona osamera, ndipo munthu amayamba kudandaula kuti anamugulitsa njere zakufa pomwe vuto linali malo. Paketi yomwe simunaitsegule muziisunga mufiriji ngati muli nayo, osati pawindo.

Tsiku lililonse vundukulani muone. Dothi likhale lonyowa koma osati matope. Pothirira, ndi bwino kukhazika beseni lobookalo m'madzi osaya kwa mphindi zingapo kuti limwe kuchokera pansi, kusiyana ndi kuthira pamwamba. Pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 mudzaona timitu tobiriwira. Zina zimachedwa mpaka masabata atatu, choncho musataye mtima msanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tsiku lomwe mwaona zoyamba zitatuluka, chotsani chovindikira nthawi yomweyo ndi kupititsa besenilo powala. Mukachedwa masiku awiri okha, mbande zimatalika, kuyezuka ndi kuwonda pofunafuna kuwala, ndipo zoterozo sizidzalimbanso. Pamafunika powala koma posawomba dzuwa lamasana, komanso pomwe mvula siyifika.

Mbande zikatulutsa masamba awiri enieni, kupatula awiri oyamba aja, zisamutsireni m'machubu kapena m'makapu obooka, imodzi pachubu. Zulani ndi kamtengo kapena supuni, ndipo gwirani tsamba, osati tsinde. Tsamba likathothoka limaphukanso lina, koma tsinde likafinyika mbande yatha. Zikhale m'machubumo masabata atatu kapena anayi, ndipo sabata yomaliza muzizizoloweza dzuwa pang'onopang'ono: ola limodzi lero, awiri mawa, mpaka m'mawa wonse.

Ngati mukugula mbande

Diso limathamangira mbande yomwe ili ndi duwa lalikulu kale. Isiyeni imeneyo. Sankhani zazifupi, zonenepa, za masamba ambiri obiriwira bwino, zomwe zangoyamba kuonetsa timaluwa tosamasula. Pemphani wogulitsa kuti akutulutsireni imodzi m'chubu. Mizu ikhale yoyera. Ikakhala yakuda kapena yofewa, imeneyo ikuwola, ndipo mukaitenga mwanyamula matenda kupita nawo kumunda kwanu. Yang'ananinso kunsi kwa masamba ngati kulibe nsabwe. Pa mitundu, Swiss Giants ndi wakale wodziwika wa maluwa akuluakulu, Matrix ndi Delta ndi yamakono yomwe imakula mofanana. Ngati kwanu kumafundirako, tengani viola, mng'ono wake wa pansy. Maluwa ake ndi aang'ono koma amachuluka kwambiri, ndipo amapirira dzuwa kwa masabata angapo pansy atagonja kale. Ineyo, kunena zoona, ndimakonda viola koposa, ngakhale alendo amaima pa pansy.

Malo ndi bedi

Pansy amafuna dzuwa la maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, makamaka lam'mawa. Kumbukirani kuti kwathu kuno mu Juni dzuwa limadutsira chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kumwera limakhala pamthunzi pafupifupi tsiku lonse. Kumeneko pansy amabereka masamba okhaokha. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, komwe dzuwa limafika molawirira n'kuchoka masana. Kumadzulo kumawotcha mu Ogasiti ndi Seputembala. Pansi pa mtengo wa mango kapena bulugamu musayeseko, chifukwa mizu yake imamwa madzi onse omwe muthire.

Limani mozama masentimita 20 mpaka 25, muphwanye zibuma, muchotse miyala ndi mizu ya udzu. Pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi thirani ndowa imodzi ya malita 20 ya kompositi kapena manyowa a ng'ombe owolerana. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha mizu, choncho ngati ndi omwe muli nawo, akhale atagona miyezi ingapo. Onjezani dzanja limodzi la feteleza wa D Compound, musakanize bwino, ndipo bedilo mulikweze masentimita 10 kapena 15 kuti madzi asamadikhe. Ngati dothi lanu ndi lamakande, lomata ngati nsima likanyowa, wonjezani mchenga. Mizu ya pansy ndi yopyapyala, imafuna mpweya, ndipo ikakhala m'madzi masiku awiri imayamba kuwola.

Phulusa musathire lambiri. Ambiri a ife tinazolowera kukhuthulira phulusa lakukhitchini pabedi lililonse, koma pansy amakonda dothi lowawasa pang'ono, ndipo phulusa limachotsa kuwawasako. Zikatero mizu imalephera kutenga ayironi m'dothi, ndipo mudzaona masamba anthete akusanduka achikasu pomwe mitsempha yake idakali yobiriwira. Mukaona zimenezi lekani phulusa, onjezani kompositi.

Kuwokera

Wokerani madzulo, dzuwa litapepa. Thirirani machubu ola limodzi musanayambe kuti dothi lisagumuke. Kumbani maenje motalikirana masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula. Poyamba padzaoneka mipata, koma musakopeke kuthinanitsa, chifukwa pakatha mwezi masamba adzakhala atakumana, ndipo pothinana m'pamene nkhungu imayambira. Ng'ambani chubu, ndipo mizu ikakhala itazungulirazungulira pansi, imasuleni pang'ono ndi zala. Mbande ilowe m'dothi kufika pomwe inalekezera m'chubu. Mukakwirira pamene masamba amayambira, pamawola. Tsinderani ndi zala, thirirani mokwanira.

Tsopano chitani chinthu chomwe chimawawa mtima: tsinani maluwa onse omwe mbande zabwera nawo. Mbande yomwe ikuyesa kudyetsa duwa siyikhala ndi mphamvu zokhazikitsa mizu. Mukaichotsera duwalo, masabata awiri oyambawo imawathera pansi, ndipo idzakubwezerani maluwa ambiri pambuyo pake. M'mera mpoyamba. Mukatero phimbirani dothi ndi udzu wouma wodula kapena mankhusu a mpunga, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Kumene kuli chiswe chambiri, phimbirani mopyapyala ndipo muziyang'ana pansi pake kawirikawiri. Ngati pakhomo pali nkhuku, tchingani bedi lisanagone usiku woyamba, pakuti dothi lofewa lonyowa ndi lomwe zimafuna kupalasa.

M'miphika ndondomeko ndi yomweyo. Mphika wadothi wotambalala masentimita 30 umakwana mbande zitatu kapena zinayi. Tayala lakale, ndowa yobooka kapena beseni zonse zimagwira ntchito, bola pansi pakhale mabowo. Ubwino wa mphika ndi wakuti Seputembala akafika mukhoza kuunyamula n'kuupititsa pamthunzi, maluwa n'kupitirira kwa masabata ena angapo.

Madzi ndi chakudya

Ku Ulaya pansy amakula nyengo ya mvula. Kwathu nyengo yozizira imakhala youma, ndiye madzi onse achokera m'manja mwanu. Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yoyamba. Mukamva chinyezi, dikirani. Pakakhala pouma, thirirani mpaka madzi alowe pansi ndithu. Kawirikawiri pabedi zimakhala kamodzi pa masiku awiri kapena atatu mu Juni, koma mu Ogasiti, mphepo ikamawomba, miphika imafuna madzi tsiku ndi tsiku. Thirirani m'mawa, ndipo mlomo wa keni uloze pansi patsinde, osati pamasamba. Masamba ogona ali onyowa usiku wozizira amagwidwa mawanga ndi nkhungu. Inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, masiku a chiperoni siyani keni ipume. Kamvula kaja kamaoneka kochepa, koma popeza dzuwa silituluka, dothi siliuma.

Pansy akafota masana koma dothi lili lonyowa, musawonjezere madzi. Zulani mmodzi muone mizu. Ikakhala yakuda, ndiye kuti yawola, ndipo palibe mankhwala apakhomo omwe angaibweze. Chotsani chomeracho pamodzi ndi dothi lozungulira, mukataye kutali, osati pa kompositi, ndipo chaka chamawa musadzalenso pansy pamalo omwewo.

Chakudya chikhale chochepa koma chobwera pafupipafupi. Ine ndimaika manyowa a ng'ombe m'thumba, n'kuliviika mumgolo wa madzi kwa masabata awiri. Madziwo ndimawasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, n'kuthira patsinde kamodzi pa masabata awiri, dothi lili lonyowa kale. Urea musamuyandikize. Amabweretsa masamba aakulu ofewa, omwe nsabwe zimakonda, ndipo maluwa amachepa.

Kutsina maluwa ofota

Ngati pali ntchito imodzi yomwe imasiyanitsa bedi lodzaza maluwa mpaka Seputembala ndi bedi lomwe latha mu Julayi, ndi imeneyi. Chomera chilichonse cholinga chake ndi kubereka njere. Duwa likafota, kumbuyo kwake kumayamba kutupa kachibereko kobiriwira, ndipo pansy akangoona kuti njere zikukhwima amachepetsa maluwa atsopano. Mukamuchotsera, amayambiranso.

Choncho kawiri kapena katatu pa sabata yendani pabedi. Duwa lililonse lomwe lapinda kapena kutuwa, tsatirani kaphesi kake ndi zala mpaka pomwe kachokera, n'kutsina ndi chikhadabo pamenepo. Musathothole timasamba ta duwa tokha n'kusiya kachibereko, chifukwa mukatero simunachite kanthu. Samalani kuti musasokoneze duwa lofota ndi lomwe silinamasule. Losamasula limakhala lolimba, lopindidwa mwaudongo, pomwe lofota limakhala lofewa ndi lamakwinya. Funafunaninso pansi pa masamba, pakuti tizibereko tina timabisala kumeneko. Imeneyi ndi ntchito yabwino kuphunzitsa ana, zala zawo zimafika pomwe zathu zimaphwanya nthambi, ndipo ndi nthawi yomweyo yomwe mumaona tizilombo tisanachuluke.

Kuthyola maluwa abwinobwino n'kukaika m'kapu patebulo kumathandizanso chimodzimodzi, ndiye musaumire. Maluwa a pansy amadyedwa, ndipo ophika makeke amakongoletsera nawo. Koma idyani okhawo omwe mwalera nokha osapopera mankhwala. Omwe mwangogula kumene ku nazale ayi, chifukwa simudziwa chomwe anathiridwa.

Pofika mu Ogasiti zomera zina zimatalika n'kuyamba kugwa. Dulani gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake ndi sizasi, thirani madzi a manyowa aja, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu zidzaphukanso zili zazifupi.

Tizilombo

Nsabwe zimakhala kunsonga ndi kunsi kwa masamba, ndipo chizindikiro chake ndi masamba opiringizika komanso nyerere zokwera ndi kutsika. Zikakhala zochepa, zifinyeni ndi zala. Zikachuluka, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, n'kupopera madzulo, makamaka kunsi kwa masamba. Yesani kaye pachomera chimodzi, muone mawa lake ngati masamba sanapse. Madzi oviikamo masamba a nimu osinja amathandizanso. Bwerezani pakatha masiku asanu.

Mukadzuka n'kupeza maluwa atabooka, pali kanjira konyezimira padothi, ndi nkhono. Tulukani usiku ndi tochi muzitole, kapena siyani thabwa lonyowa pafupi ndi bedi, m'mawa mudzazipeza zitabisala pansi pake. Mbande ikapezeka itadulidwa patsinde penipeni, fukulani dothi mozungulira ndi chala, mudzapeza mphutsi yotuwa itadzipinda. Imagona masana, n'kudya usiku. Kukayamba kutentha ndi kuuma kumabwera tiakangaude tofiira tating'ono kwambiri, tomwe timachititsa masamba kutuwa ngati awazidwa fumbi. Tikafika timeneti mu Seputembala, nthawi zambiri ndiye kuti nyengo ya pansy ikutha, ndipo ine sindilimbana nato.

Kusunga njere

Kumapeto kwa Ogasiti sankhani zomera ziwiri kapena zitatu zomwe zakusangalatsani kwambiri, n'kuleka kuzitsina. Kachibereko kamayamba koweramira pansi. Kakamakhwima kamadzuka n'kuloza kumwamba, mtundu wake n'kuyamba kuyezuka. Nthawi yothyola ndi imeneyo. Mukachedwa kamang'ambika patatu ngati nyenyezi, ndipo pouma kamafinya njere n'kuziponya kutali. Thyolani, ikani mu envelopu kapena m'thumba la pepala, tsekani, ndipo muzisiye pamthunzi sabata imodzi kuti ziphulikire momwemo. Pulasitiki ayi, imasunga chinyezi njere n'kuchita nkhungu. Zikauma, petani, lembani chaka pa envelopu, muiike m'botolo lotseka bwino, n'kusunga pozizira mpaka Malichi.

Ngati paketi yomwe munagula inalembedwa F1, ana ake sadzafanana ndi makolo. Maluwa amacheperako, mitundu imasakanikirana, ndipo pakapita mibadwo ingapo ena amabwerera kufanana ndi kaduwa kakutchire kaja ka ku Ulaya, kapepo ndi chikasu ndi koyera. Ine ndimafesa zonse ziwiri, paketi yatsopano ya bedi lakumaso, ndi njere zanga za miphika yakuseri, komwe chaka chilichonse kumatuluka nkhope yomwe sindinaionepo.

Okutobala akafika, zomera zimachita chikasu ngakhale muthirire motani. Zulani, zathanzi muponye pa kompositi, bedi mulitembenuze, muthire manyowa, ndipo mudzalepo zinnia, marigold kapena portulaca, omwe dzuwa limenelo ndi lawo. Pamene mukulima, yang'anani m'mbali mwa bedi ndi m'ming'alu ya njerwa. Njere zomwe zinakuthawani zimagona pamenepo dzinja lonse, ndipo mu Epulo, usiku ukayamba kuzizira, zina zimamera zokha. Musazipalire poyesa udzu: masamba ake oyamba ndi ozungulira, okhala ndi timano tosalala m'mphepete. Zizuleni ndi supuni pamodzi ndi dothi lake, muziike m'machubu pambali pa zomwe mwafesa.